Phiri la Chikala

Ife oyenda njira yochokera ku Liwonde kunka ku Ntaja timaliona phiri la Chikala ku dzanja lamanja, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Tsidya lija ndi Mozambique. Mwala wache unali wosungunuka pansi pa nthaka, nuuma pang'onopang'ono zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Mvula inakokolola dothi la pamwamba, thanthwe lolimba nilitsala. Matanthwe omwewo anasanduka linga la mfumu Kawinga, wogwira akapolo. M'chaka cha 1891 iye anabweza asilikari a Maguire. Koma m'chaka cha 1895, atathira nkhondo anthu a Malemia kufupi ndi Domasi, lingalo linagwa. Tsono nkhalango imene inabisa ankhondo ache, ife tirikuiotcha makala.