Maenje 9 amene atsamunda adatisiyira

Mnzanga wa pasukulu pano adandifunsa komwe angakaphunzire gofu popanda kuboola m'thumba. Ndidaseka. Kwathu ku Mchinji, komwe atsamunda ankakutcha Fort Manning, tidakulira mpira wachikulunga. Wofuna gofu amadutsa malire a Mwami kupita ku Chipata, Fort Jameson wakale, apo ayi akwere minibasi makilomita oposa 100 kukafika ku Lilongwe Golf Club, bwalo la maenje 18.

Komabe funsolo lidandikhala m'mutu. Mabwalo ambiri m'Malawi muno ndi afupi, a maenje 9: Zomba Gymkhana, Mulanje, Thyolo, ndi Blantyre Sports Club, kalabu imene idayamba mu 1896. Kufupikaku sikudali kuchitira chifundo ongoyamba kumene. Azungu a paboma ndi a m'maesiteti a tiyi adali ochepa, ndiye maenje 9 ankawakwanira. Wofuna 18 ankangozungulira kawiri. Munthu wakuda ankalowamo atasenza chikwama cha bwana. Kumenya kampirako ankaphunzira poonerera, kenako n'kukayeserera kuseri ndi ndodo yosema yekha. Mbiri ya makalabuwa imatchula mabwana, za anyamata onyamula zikwamawo ziii.

Lero pachipata sayang'ana khungu, amayang'ana chikwama cha ndalama. Ndidamuuza mnzangayo kuti ayambire pa bwalo la maenje 9, mkati mwa sabata anthu atachepa, abwereke ndodo m'malo mogula, ndipo kagwiridwe kake akafunse kwa womunyamulira chikwama.