Nkhuku za Glick ndi Kathumba ka Kumbuyo

Chaka chatha nanenso ndinayesa ulimi wa nkhuku zachizungu, poti ndalama ya ndakatulo sigula ngakhale sopo. Pofika sabata yachinayi anapiye anayamba kuodzera, nthenga zili nyankhalala, chitosi chili choyera ngati laimu. Mlangizi wa ziweto atabwera anatumbula mmodzi wakufa, nandionetsa kathumba kotupa chapamwamba pa potulukira chitosi.

"Achimwene, iyi ndi gumboro," anatero. "Katemera munapereka?"

Ndinangoyang'ana pansi. Koma kathumba kaja kanandikhala m'mutu, ndipo nditayamba kufufuza m'mabuku ndinapeza kuti kali ndi mbiri yaitali, mbiri imene eni ake ambiri ndi ana a sukulu, osati maprofesa a imvi.

Anthu a sayansi amakatcha bursa ya Fabricius, potengera dzina la Hieronymus Fabricius, mphunzitsi wa za ziwalo pa yunivesite ya Padua ku Italy. Iye anamwalira mu 1619, ndipo zimene analemba za kathumbaka zinasindikizidwa mu 1621. Mkuluyu ankayesa kuti ndi mosungira umuna wa tambala m'thupi la thazi. Eti, chonsecho tambala nayenso ali nako! Panapita zaka zoposa 300 popanda wodziwa ntchito yake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mnyamata wina dzina lake Bruce Glick ankachita maphunziro a ukachenjede pa Ohio State University ku Amereka. Sanali ku sukulu ya udokotala ayi, anali ku dipatimenti ya nkhuku, pansi pa mphunzitsi wake George Jaap. Glick anaona kuti kathumbaka kamakula msanga m'masabata oyamba mwanapiye akangoswa, kenaka nkuyamba kufota. Anaganiza kuti ngati kali ndi ntchito, ndiye kuti kamaigwira pa ubwana. Anayamba kukachotsa mwa anapiye nkumadikira. Nkhuku zija zinangokula bwinobwino, kudya, kunenepa, ngati palibe chimene zataya. Wina akanataya mtima pomwepo.

Mu 1954 mnzake wina, Timothy Chang, amenenso anali wophunzira, anafuna nkhuku zoti akaonetsere ana a m'kalasi m'mene thupi limapangira chitetezo. Njira yake ndi yodziwika: umabaya nkhuku zinthu zochokera ku tizilombo ta Salmonella, nkudikira masiku angapo, kenaka nkutenga magazi. M'magazimo umapezamo ma antibody, amene ali ngati mivi yosulidwira mdani mmodzi yekhayo. Chang anabwereka nkhuku za Glick. Zina zinafa, ndipo zotsalazo sizinapange ma antibody ngakhale pang'ono. Phunziro lonse linaonongeka.

Apa mpamene ine ndimawachitira ulemu anyamata awiriwa. Munthu wamba akanangonena kuti mankhwala anali oguga, kapena nkhuku zinali zodwala kale, basi nkuiwala. Koma Glick ankalemba nambala ya nkhuku iliyonse m'kaundula, ndipo atafufuza anapeza kuti zimene zinakanika zija nzomwe anazichotsa kathumba zili zazing'ono. Awiriwa anabwereza ntchitoyo ndi nkhuku zambiri, zina zochotsedwa, zina zosachotsedwa, ndipo zotsatira zinagwirizana. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale.

Analemba zimene anapeza natumiza ku magazini yotchuka ya Science. Akonzi anakana. Lipotilo linakatuluka mu 1956 m'magazini ya Poultry Science, lili ndi maina a Glick, Chang ndi Jaap, masamba awiri okha. Tsono dokotala wa anthu ndani amene amawerenga magazini ya alimi a nkhuku? Ife olemba timazidziwa izi: nkhani yako yabwino kuiika pa tsamba la malonda a feteleza.

Nkhuku zija zili phee m'mashelefu, kutsidya kwa nyanja wophunzira winanso ankalimbana ndi mbewa. Jacques Miller, wobadwira ku Nice mu 1931, wophunzira udokotala ku Sydney, ankachita PhD yake ku Chester Beatty Research Institute ya ku London. Iye ankafufuza khansa ya m'magazi, ndipo anayamba kuchotsa kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kamakhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, mwa mbewa zongobadwa kumene. Taganizani kuchita opaleshoni kanthu kochepa ngati chala chakanise. Mbewa zija zinkafooka, kudwaladwala, ndipo akazisokerera khungu la mbewa ya mtundu wina thupi silinkalikana monga liyenera kuchitira. Miller anafalitsa izi mu The Lancet mu 1961. Akuluakulu sanamuombere m'manja msanga. Ngakhale Peter Medawar, amene anali atalandira mphoto ya Nobel mu 1960, ankaonabe ngati maselo a mu thymus angopezekamo mwangozi.

Amene analumikiza nkhuku ndi mbewa anali Max Cooper, dokotala wa ana amene mu 1963 anakalowa m'labotale ya Robert Good pa University of Minnesota kukaphunzira kafukufuku. Cooper anali ataona ana amitundu iwiri: ena opanda ma antibody koma otha kulimbana ndi mavairasi ambiri, ena okhala nawo koma ogonja msanga. Anatenga anapiye, ena nkuwachotsa bursa, ena thymus, nkuwawomba cheza cha X-ray kuti maselo amene anatuluka kale afe. Opanda bursa sanapange ma antibody. Opanda thymus analephera kukana khungu lachilendo. Mu 1965 iye, Raymond Peterson ndi Good analengeza mu Nature kuti asilikali a m'thupi ali m'magulu awiri. Ndi amene lero timawatcha maselo a B ndi maselo a T, B woimira bursa, T woimira thymus. Ife anthu kathumba kaja tilibe, ndipo mu 1974 Cooper ndi anzake ku London anaonetsa kuti mwa nyama zoyamwitsa maselo a B amayambira m'chiwindi cha mwana wosabadwa. Kenaka ntchitoyo imasamukira m'mafuta a m'mafupa.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati? Ndili mnyamata ndinkaperekeza azakhali anga ku chipatala kukamva nambala ya CD4. Pa benchi paja aliyense ankaidziwa nambala yake kuposa tsiku lake lobadwa. CD4 ndi gulu limodzi la maselo a T, omwe aja a mbewa za Miller, ndipo ndi amene kachilombo ka HIV kamasakasaka. Poti iwo ndiwo amadzutsa maselo a B kuti asule mivi, akatha iwowo mudzi wonse wa m'thupi umagona mdani ali pakhomo. Azakhali anayamba ma ARV boma litayamba kupereka ulere mu 2004, ndipo mpaka lero akulima.

Mu 2019 Miller ndi Cooper analandira mphoto ya Lasker. Glick, amene anakaphunzitsa zaka zambiri ku Mississippi State University, anali atamwalira mu 2009, ndipo ulemu wa Golden Goose unamufika mu 2018 ali m'manda. Za Chang, amene phunziro lake linaonongeka kuti zonsezi zitheke, mabuku ambiri amangomutchula pa mzere umodzi. Kwa ine uku nkumumana.

Mlangizi uja anabweranso patapita masabata awiri. Ndinamufunsa ngati anapiye opulumukawo ali bwino tsopano. Anapukusa mutu. Anati gumboro imadya maselo a m'kathumba kaja, choncho ngakhale katemera wa chitopa sagwira bwino mwa otsalawo. Anandiuza kuti ndiwapatule, nditsuke khola ndi mankhwala, ndipo gulu lotsatira ndisadzaphonye tsiku la katemera. Ndinagula kabuku ka masamba 40, ndipo tsikulo ndinalemba pa tsamba loyamba.