Kachilombo n'kamodzi, nanga bwanji matupi amakalandira mosiyana?

Funso: Akonzi, ma ARV asanabwere tinkaona anthu ena amene anali ndi HIV akufooka m'zaka zochepa, pamene ena ankatha zaka zoposa khumi akulima bwinobwino. Kusiyanaku kumachokera kuti?

Yankho: Zakudya ndi matenda ena zimathandizira, koma chifukwa china chachikulu munthu amabadwa nacho. Pafupifupi selo iliyonse m'thupi ili ndi timapuloteni totchedwa HLA kunja kwake. Ntchito yake n'kutola tizidutswa ta zimene zili m'kati mwa seloyo n'kutiyala poonekera, monga momwe mayi amayalira tomato pabenchi kumsika. Maselo a T, omwe ndi asilikali a thupi, amadutsa akuyang'ana, ndipo akaona kachidutswa ka kachilombo amapha seloyo. Chimene sichinayalidwe, iwo sachiona. Peter Doherty ndi Rolf Zinkernagel anasonyeza zimenezi mu 1974 ku Canberra, poyesa mbewa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1996.

Kachidutswako kamakhala m'kamphako ka pa HLA, ndipo kaumbidwe ka kamphakoko kamasiyana munthu ndi munthu. Kusiyana kwake n'kochepa modabwitsa. Mu 2004 ofufuza a ku Durban anapeza kuti anthu a mtundu wa HLA-B*58:01 ankakhala ndi HIV yochepa m'magazi, pamene a HLA-B*58:02 ankakhala nayo yambiri. Mitundu iwiriyi imangosiyana ma amino asidi (tizigawo timene timapanga puloteni) atatu okha! Atatuwo ndi okwanira kusintha kachidutswa kamene kayalidwe. Komatu abale, musayese mwayi: anthu amene thupi lawo limatha lokha kuletsa HIV kuchulukana ndi ochepa zedi, ndipo aliyense wopezeka ndi kachilomboka ayenera kuyamba ma ARV msanga.

Funso: Nanga mitundu yambirimbiriyi inabwera bwanji?

Yankho: Matenda ndiwo anaisefa m'mibadwo yambiri. Mtundu umene unkapulumutsa ana ku mliri unkafalikira, popeza anawo ankakula n'kubereka. Ku Gambia, Adrian Hill ndi anzake anasonyeza mu 1991 kuti ana okhala ndi HLA-B53, mtundu wofala ku West Africa koma wosowa ku Ulaya, sankagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu. Majini a HLA ali pa kromosomu 6, ndipo mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi. N'chifukwa chake madokotala akafuna wopereka mafuta a m'mafupa, yemwe HLA yake iyenera kufanana ndi ya wodwala, amayamba kuyeza abale a bere limodzi, ngakhale kuti mwayi wofanana ndi umodzi pa inayi.