DANIEL BOONE NDI MBUMBA YAKE

Madzulo ano tikambe za Daniel Boone, mlenje wa ku America amene analambula njira yopita ku dziko la Kentucky. Koma munthu sagwa kumwamba, tsono tiyambe ndi makolo ake.

Agogo ake, a George Boone, anali woomba nsaru ku Bradninch, m'cigawo ca Devon ku Mangalande. Anali a mpingo wa Quaker, anthu okana nkhondo ndi kulumbira. Mwana wao Squire ndiye anatsogola kuoloka nyanja, ndipo mu 1717 nkhalambayo inatsatira ndi banja lake ku Pennsylvania. Mu 1720 Squire anakwatira Sarah Morgan, wa makolo a ku Wales, nabala ana 11. Wacisanu ndi cimodzi ndiye Daniel, wobadwa mu 1734.

Mtendere sunakhalitse. Ana awiri a Squire anamanga ukwati ndi anthu a kunja kwa mpingo. Ulendo woyamba iye anapepesa pamaso pa akulu, koma waciwiri anakana, ndipo anamcotsa mumpingo. Mu 1750 anagulitsa munda wake, nasamukira kumwera, nakakhala pafupi ndi mtsinje wa Yadkin ku North Carolina. Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: pfuko ili linasamuka m'mbadwo uliwonse.

Daniel sanapite patali ndi sukulu. Sukulu yake inali thengo ndi mfuti. Mu 1755 anayendetsa ngolo pa nkhondo ya General Braddock, imene Afalansa ndi eni dziko anapambana, ndipo iye anapulumuka pothawa pa kavalo. Caka cotsatira anakwatira Rebecca Bryan, amene anambalira ana 10. Mai ameneyu tisamuiwale. Mwamuna akapita ku uzimba miyezi yambiri kukafuna zikopa zobwezera ngongole, Rebecca ndiye anali kulima, kusunga ziweto ndi kulera ana ake pamodzi ndi amasiye a abale.

Mu 1769 Boone anadutsa pa mpata wa mapiri wa Cumberland Gap, nalowa m'Kentucky, dziko la njati ndi agwape osawerengeka. Koma dzikolo linali ndi eni. Anthu a mtundu wa Shawnee anamgwira, namlanda zikopa zonse, namcenjeza kuti asabwerenso kumalo ao osakako nyama. Iye sanamvere. Mu 1773 anayesa kusamukirako ndi banja, koma mwana wake woyamba, James, anaphedwa panjira, ndipo onse anabwerera. Mu 1775, polembedwa nchito ndi Richard Henderson, anatenga amuna ngati 30 a nkhwangwa, nalambula njira yochedwa Wilderness Road, namanga linga la Boonesborough m'mbali mwa mtsinje wa Kentucky.

Mabvuto sanathere pomwepo. Mu 1776 mwana wake wamkazi Jemima anagwidwa pamodzi ndi atsikana ena awiri, koma atate ake analondola mapazi nawapulumutsa onse. Mu 1778 Boone mwini anagwidwa ali kukaphika mcere. Mfumu Blackfish inamsandutsa mwana wake, nimucha Sheltowee, ndiko kunena Kamba Wamkulu. Atamva kuti nkhondo iri kukonzedwa yokathira linga lake, anathawa, nayenda mamailosi 160 m'masiku owerengeka. Linga linazingidwa koma silinagwe. Komabe anzake ena anamnenera kuti anali kumbali ya adani, ndipo anaima pa bwalo la asilikali, limene linampeza wopanda mlandu. Mbale wake Edward anaphedwa mu 1780, ndipo mwana wake Israel anafa pa nkhondo ya ku Blue Licks mu 1782, atate ake ali pomwepo.

Buku la John Filson la mu 1784 linachukitsa dzina lake kufikira ku Ulaya. Koma kuchuka sikudyedwa. Boone anagula ndi kupima malo ambiri, anasunganso akapolo, koma za mapepala a malo sanazisamale. Milandu ndi ngongole zinamlanda pafupifupi zonse. Mu 1799 anasamukiranso ku Missouri, kumene nthawi imeneyo kunali m'manja mwa Spain. Kumeneko anakomananso ndi anthu ena a Shawnee amene anamdziwa kale, popeza iwonso anali atakankhidwira kumadzulo ndi unyinji wa obwera. Rebecca anamwalira mu 1813, ndipo Daniel anatsatira pa 26 September 1820, m'nyumba ya mwana wake wotsiriza, Nathan, ali ndi zaka 85.

Mbumba yake inapitirira ulendo. Nathan ndi mkulu wake Daniel Morgan Boone anaphika mcere pa malo ochedwa Boone's Lick, ndipo mdzukulu wake Albert Gallatin Boone anafika mpaka ku Colorado.

Tsono pokumbukira munthu uyu, anzanga, tiwerenge zonse. Njira yake inapatsa minda mabanja zikwi zambiri. Inadyanso ana ake awiri, ndipo inalanda eni dziko nthaka yao. Mwini njirayo sanatsale ndi munda m'Kentucky, koma mu 1845 anthu a kumeneko anatuma nthumwi ku Missouri kukatenga mafupa ake ndi a mkazi wake, nakawaika ku Frankfort. Tsalani bwino.