Kusankha maphunziro a ku sekondale ndi njira yolowera ku yunivesite kum'mwera kwa Africa

Zotsatira za mayeso omaliza a ku sekondale zikatuluka, chomwe makolo ndi ophunzira amayamba kufunsa ndi chiwerengero cha mapointi. Komatu m'maiko ambiri a kum'mwera kwa Africa, zoti mwana adzaloledwa kuphunzira udotolo, uinjiniya kapena zowerengera chuma zimakhala zitagamulidwa zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, tsiku lomwe adasankha maphunziro oti apitirize ndi oti asiye. Yunivesite imayamba yaona ngati wophunzira ali ndi maphunziro omwe digiri yakutiyakuti imafuna, kenako n'kuona mmene adakhozera. Nkhani ino ikufotokoza mmene zimayendera ku Malawi ndi ku South Africa, ndipo ikukhudzanso Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique.

Nthawi yosankha

Ku Malawi wophunzira amasankha polowa Fomu 3, kutatsala zaka ziwiri kuti alembe mayeso a MSCE. Ku South Africa amasankha kumapeto kwa Giredi 9, nthawi zambiri ali ndi zaka 14 kapena 15, ndipo maphunziro omwewo ndi amene amayenda nawo mpaka Giredi 12. Ku Zimbabwe chisankho chachikulu chimadza akamaliza Fomu 4, pomwe amachepetsa maphunziro ake n'kutsala ndi atatu. Akuluakulu adati mmera m'poyamba: amene wasiya masamu kapena fizikisi pa msinkhu umenewu, kawirikawiri sapezanso mpata wobwerera, chifukwa silabasi ya chaka chomaliza imatsamira pa ya zaka zam'mbuyo.

Malawi: satifiketi, makirediti ndi mapointi

Mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Pa phunziro lililonse wophunzira amapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 9. Kupeza 1 kapena 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Kuti alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo pa kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, atatu mwa iwo pa kirediti. Mapointi omwe anthu amatchula aja amapezeka pophatikiza maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, choncho wopeza 6 ndiye wafika pamwamba penipeni.

Zofunika kuti munthu alandire satifiketi n'zochepa poyerekeza ndi zofunika kuti alowe ku yunivesite. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo digiri iliyonse ili ndi maphunziro akeake omwe ayenera kupezeka pa makireditiwo. Zaudotolo zimafuna bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu. Uinjiniya umatsamira pa masamu ndi fizikisi. Zowerengera chuma nazo sizilola munthu wopanda kirediti ya masamu.

Tiyerekeze wophunzira yemwe wapeza 3 pa Chingerezi, 2 pa Chichewa, 2 pa mbiri yakale, 2 pa phunziro la Baibulo, 3 pa jogalafe ndi 3 pa zaulimi. Mapointi ake ndi 15, omwe aliyense angawayamikire. Koma ngati pa masamu wapeza 7 ndipo fizikisi adaisiya ku Fomu 2, uinjiniya, udotolo ndi zowerengera chuma sizingatheke, pomwe mnzake wa mapointi 19 yemwe ali ndi makirediti amphamvu pa masamu ndi sayansi angathe kupikisana nawo pa malo amenewo. Izi sizitanthauza kuti maphunziro a zilankhulo ndi mbiri ndi otsika. Ali ndi madigiri awo monga a uphunzitsi, utolankhani ndi za chikhalidwe cha anthu. Choopsa n'kutenga gulu la maphunziro lomwe silikugwirizana ndi ntchito yomwe mwanayo akuilakalaka.

Mayunivesite a boma omwe ophunzira amapikisanirana ndi University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, LUANAR ku Lilongwe, MUST ku Thyolo, komanso MUBAS ndi KUHeS, omwe adaima paokha mu 2021 pomwe University of Malawi idagawidwa. Ntchito yosankha imadzera ku bungwe la NCHE: wophunzira amalemba fomu imodzi n'kundandalika madigiri omwe akufuna, kuyambira yomwe akuifunitsitsa. Chilengezo cha chaka chilichonse chimatchula zofunika pa digiri iliyonse ndi zaka za mayeso zomwe zikuloledwa. Njira ya kota, yomwe inkagawa malo potengera maboma ochokera, boma lidalengeza kuti laithetsa mu 2020. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi okhoza, choncho ambiri omwe akwanitsa zofunika zonse amatsala.

Pali vuto lina lomwe mwana sangalithetse yekha. Fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje zili ndi mayeso ochita ndi manja, ndipo sukulu zambiri zoyendera za CDSS zilibe labotale yokwanira kapena mphunzitsi wa maphunzirowa. Pa sukulu yotere mwana amangotenga zomwe zilipo. Kholo lomwe likuona kuti mwana wake ali ndi mutu wa sayansi liyenera kufunsa za izi mwanayo asanamalize Fomu 2.

South Africa: masamu a mitundu iwiri

Satifiketi ya National Senior Certificate, yomwe anthu amangoti matric, idalembedwa koyamba mu 2008. Wophunzira amatenga maphunziro 7: zilankhulo ziwiri za boma, phunziro la Life Orientation, masamu, ndi maphunziro ena atatu odzisankhira. Malikisi amagawidwa m'milingo 7. Mlingo 7 ndi malikisi 80 mpaka 100, mlingo 4 ndi 50 mpaka 59, ndipo mlingo 1 ndi ochepera 30.

Pa masamu ndi pomwe ambiri amasochera. Wophunzira amasankha pakati pa Mathematics, omwe ndi masamu a aljebra ndi jometiri, ndi Mathematical Literacy, omwe amaphunzitsa kuwerengera za tsiku ndi tsiku monga chiwongoladzanja, misonkho ndi mapu. Onse awiri amapatsa munthu satifiketi, koma uinjiniya, udotolo, madigiri a sayansi ndi madigiri ambiri a zachuma salandira Mathematical Literacy ngakhale munthu atapeza malikisi 90. Ndiponso wofuna kutenga Physical Sciences ayenera kutenga Mathematics. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri m'dzikomo ndi lakuti sukulu zina zimakankhira ana ofooka ku Mathematical Literacy pofuna kukweza chiwerengero cha okhoza. Kuchoka ku Mathematics kupita ku Mathematical Literacy n'kotheka, koma kubwerera n'kovuta kwambiri, ndipo kusintha phunziro mu Giredi 12 kumaloledwa pa zifukwa zapadera zokha.

Kukhoza matric nako kuli pa milingo. Wofuna kuloledwa kuchita digiri ayenera kupeza malikisi osachepera 50 pa maphunziro anayi, osawerengera Life Orientation, ndi osachepera 40 pa chilankhulo chomwe akulemba ngati chakwawo. Wa dipuloma amafunika malikisi 40 pa maphunziro anayi. Koma izi zimangopereka chilolezo chopempha malo. Yunivesite iliyonse ili ndi kawerengedwe kake ka mapointi, kotchedwa APS m'mayunivesite ambiri, ndipo madigiri ena, makamaka a zaumoyo, amafunanso mayeso apadera a National Benchmark Tests.

Chomwe chimadzidzimutsa mabanja ambiri ndi nthawi yopemphera malo. Mafomu amatumizidwa mwana akadali mu Giredi 12, mayeso omaliza asanalembedwe, ndipo yunivesite imagwiritsa ntchito zotsatira za kumapeto kwa Giredi 11 popereka malo ongoyembekezera. Madigiri opikisanirana kwambiri amatseka mafomu chapakati pa chaka. Amene adatayirira mu Giredi 11 poganiza kuti adzalimbikira chaka chomaliza amapeza kuti malo adatha kale.

Mabanja olankhula Chichewa omwe akukhala m'mizinda monga Johannesburg, Cape Town ndi Durban ayenera kudziwa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya zilankhulo. Chichewa sichilembedwa pa matric, koma malamulo a mayeso amalola mwana wochokera kunja, yemwe adayamba sukulu ya m'dzikomo mu Giredi 7 kapena kupitirira apo, kulemba chilankhulo cha boma chimodzi chokha n'kutenga phunziro lina m'malo mwa chachiwiri. Chilolezochi sichibwera chokha. Chimapemphedwa kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndipo chimafuna zikalata. Yachiwiri ndi ya ndalama: thandizo la NSFAS ndi la nzika za South Africa ndi omwe ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, osati mlendo aliyense.

Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique

Ku Zambia mayeso a Giredi 12 amayendetsedwa ndi Examinations Council of Zambia, ndipo kaperekedwe ka mapointi, 1 mpaka 9, n'kofanana ndi ka ku Malawi. Mayunivesite monga University of Zambia ku Lusaka ndi Copperbelt University ku Kitwe amafuna makirediti 5 kuphatikizapo Chingerezi. Mu 2025 dzikoli lidayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro, yomwe pang'onopang'ono ikubweretsa Fomu 1 mpaka 4 kenako Fomu 5 ndi 6 ya A-Level. Ana a banja limodzi angathe kukhala pa ndondomeko ziwiri zosiyana, choncho malangizo omwe adathandiza wamkulu sangagwire ntchito kwa mng'ono wake osayamba wafufuza.

Ku Zimbabwe bungwe la ZIMSEC limalembetsa O-Level mu Fomu 4 ndi A-Level mu Fomu 6. Kuno mapointi ochuluka ndiwo abwino: A ndi 5, B ndi 4, kutsika mpaka E yemwe ndi 1, kotero wolemba maphunziro atatu sangapitirire 15. Zofunika zochepetsetsa polowa ku yunivesite ndi kukhoza maphunziro 5 a O-Level kuphatikizapo Chingerezi ndi awiri a A-Level. Popeza maphunziro ndi atatu okha, kulakwitsa limodzi kumatseka madigiri ambiri nthawi imodzi.

Ku Mozambique kumaliza kalasi 12 sikukwanira pakokha. Mayunivesite a boma monga Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo amalembetsa mayeso awoawo olowera, m'Chipwitikizi, pa maphunziro okhudzana ndi digiri yomwe munthu wapempha.

Kukaphunzira kunja kwa dziko

Mu 1997 maiko a SADC adasayina pangano la zamaphunziro mumzinda wa Blantyre. Mwa zina, adagwirizana kuti mayunivesite azisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse kaamba ka ophunzira ochokera m'maiko ena a m'chigawochi, ndi kuti m'kupita kwa nthawi ophunzirawa azilipira fizi ngati eni dziko. Panganoli silidachititse kuti masatifiketi onse akhale ofanana mphamvu. MSCE imatengedwa ngati O-Level, ndipo payokha nthawi zambiri siikwanira kulowetsa munthu pa digiri ku South Africa kapena ku Zimbabwe. Ku South Africa wofuna digiri yemwe ali ndi satifiketi yakunja amafunika chikalata cha Matriculation Board, nthambi ya bungwe la Universities South Africa. Banja lomwe likulingalira zotumiza mwana kunja liyenera kudziwiratu ngati padzafunike A-Level kapena chaka chokonzekera, chifukwa zonsezi ndi nthawi komanso ndalama.

Ndalama ndi njira zina

Kusankhidwa sikutanthauza kuti fizi yapezeka. Ku Malawi ngongole za ophunzira zimaperekedwa ndi bungwe la HESLGB, ku Zambia ndi la HELSB, ndipo onsewa ali ndi mafomu ndi masiku awoawo otsekera, osiyana ndi a yunivesite. Kwa omwe sadapeze malo, pali makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Salima ndi Livingstonia ku Malawi, kapena makoleji a TVET ku South Africa. Nawonso amayang'ana maphunziro: unamwino umafuna sayansi, ndipo zamagetsi ndi zamakina zimafuna masamu.

Zoyenera kuchita musanasankhe

Njira yodalirika ndi kuyambira kumapeto. Wophunzira alembe ntchito zitatu kapena zinayi zomwe zimamukopa, apeze chilengezo chaposachedwa cha NCHE kapena buku la yunivesite lofotokoza madigiri, ndipo aone maphunziro omwe akupezeka pa zonsezo. Amenewo ndiwo osayenera kusiyidwa. Chingerezi chisapeputsidwe, pakuti ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe wochilephera salowa ku yunivesite ngakhale atakhoza china chilichonse. Masamu asasiyidwe chifukwa cha kulephera teremu imodzi kapena kusamvana ndi mphunzitsi. Komanso si nzeru kukakamiza mwana maphunziro a sayansi omwe wakhala akulephera kuyambira Fomu 1, chifukwa 8 pa fizikisi sangamufikitse ku udotolo ndipo amamulanda kirediti yomwe akadaipeza pa phunziro lina.

Polemba fomu yopempha malo, madigiri onse asakhale opikisanirana kwambiri. Pakhale ena omwe zotsatira za mwanayo zingafikire mosakayikitsa. Zofunika pa digiri iliyonse zimasintha, choncho zomwe adanena m'bale yemwe adalowa zaka zisanu zapitazo ziyenera kutsimikizidwa ndi chilengezo cha chaka chomwecho, ndipo masiku otsekera mafomu a yunivesite ndi a ngongole alembedwe pamalo poonekera chaka chikangoyamba.