Chaimite: mudzi wa ku Gaza, galimoto ya ku Lisboa

Ana a ku Fonte Boa amakumana ndi dzina la Chaimite m'phunziro la mbiri yakale. Ndi mudzi wa ku Gaza kumene Mouzinho de Albuquerque adagwira mfumu Ngungunhana pa 28 Disembala 1895. Koma ku Portugal, munthu akamva dzinali amaganiza za galimoto yankhondo.

Nkhondo ya ufulu itakula, Portugal idavutika kugula zida kunja. Choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Bravia idapanga galimoto yokutidwa ndi zitsulo, ya matayala anayi, potengera Commando ya ku America. Sinali kasinja weniweni, inkanyamula asilikali. Adaitcha Chaimite pofuna kunyadira tsiku lija, n'kuitumiza ku Guiné, Angola ndi Mozambique, ngati kutosa chala pachilonda.

Zobwereka luso la eni n'kuliveka dzina lodzitamandira sizidayambe ndi Portugal. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Hungary idapanga kasinja wake Turán potsata pulani ya kampani ya Škoda. Pamene ankalowa m'nkhondo mu 1944, mfuti yake ya mamilimita 40 inali itachepa kale mphamvu pamaso pa T-34 wa ku Soviet Union.

Chaimite idakatchukira kwawo komwe. Pa 25 Epulo 1974, asilikali a Salgueiro Maia adazinga likulu la Carmo ku Lisboa. Mtsogoleri wa boma, Marcelo Caetano, atagonja, adamutulutsa mu Chaimite yotchedwa Bula. Ngungunhana adafera kuukapolo ku Açores mu 1906. Caetano adafera ku Brazil mu 1980, osabwereranso kwawo.