PFUMBI LA M'MIGODI, NDI ANTHU AMENE SANAWERENGEDWE

Dziko la Mfumu Pembamoyo, kumbali za Chadiza ndi Vubwi, lagona pamalire a Malawi ndi Mozambique. Kuyambira masiku amene msonkho wa nyumba unafika m'cigawo ca Fort Jameson, mudzi umene tsopano uchedwa Chipata, anyamata a m'midzi ya kum'mawa kuno anali kunyamula kamba wao ndi kunka kukafuna ndarama kutali: ena ku Southern Rhodesia, ena ku Joni, ndipo pambuyo pace ambiri ku migodi ya mkuwa. Amene anabwera anadza ndi njinga, mabulangete ndi masutukesi. Koma ena anadza ndi cinthu cina m'cifuwa, cimene ngakhale eni ace sanacidziwe.

Nthenda yace Azungu aicha silicosis. Golidi wa ku Joni apezeka m'thanthwe lokhala ndi nsangalabwi yambiri, ndipo makina obowola thanthwelo autsa pfumbi losalala kwambiri, loti diso siliona. Pfumbi limene munthu aliona ndi kulitsokomola si ndilo loopsya. Loopsya ndi lija lolowa mpaka pansi pa mapapu ndi kukhazikika komweko. Mapapu acita zipsyera, nauma pang'ono pang'ono, kufikira munthu alephera kukwera kacitunda osapumula. Zipsyerazo sizipola ndi mankhwala ali onse, ndiponso zitsegulira khomo cifuwa cacikuru ca TB.

Oyamba kuwerengedwa anali Azungu. M'caka ca 1902 Boma la Transvaal linaika bungwe lofufuza cimene cinali kupha obowola miyala, ndipo m'caka ca 1904 dotolo J. S. Haldane ndi anzace, pofufuza imfa za anthu a m'migodi a ku Cornwall ku England, ambiri a iwo obwera ku Joni, anatsimikiza kuti mlandu uli ndi pfumbi la mwala. Njira yolitsekereza sinali yobvuta kuimvetsa. Mkazi ali yense adziwa kuti pabwalo powaza madzi sipabuka pfumbi posesa. Cotero malamulo anaikidwa akuti pobowola pakhale madzi, mpweya wabwino upopedwe pansi, ndipo anthu asabwerere msanga pamalo pamene aphulitsa miyala. M'caka ca 1912 Boma pamodzi ndi eni migodi anamanga nyumba yofufuza za matenda, South African Institute for Medical Research, ndipo m'caka ca 1916 anatsegula nyumba yina yopima zifuwa za anthu a m'migodi. Mbiri ya nchito imeneyi inamveka kutali, kotero kuti msonkhano wa maiko woyamba wa za silicosis unacitikira ku Johannesburg m'caka ca 1930.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani. Mzungu wa mumgodi anali kuunikidwa ndi makina a X-ray kawiri kawiri, dzina lace lili m'buku. Munthu wakuda, amene anali kugwira cibowolero ndi fosholo, kwa zaka zambiri anali kungokwezedwa pasikelo ndi kumvedwa m'cifuwa ndi dotolo wa kampani. Akaoneka kuti waonda ndi kudwala, anali kumkweza sitima kunka kwao. Ndipo madotolo anaphunzitsa kuti anthu akuda sagwidwa kwambiri ndi nthendayi, popeza agwira nchito miyezi yowerengeka nabwerera kumudzi kukapuma mpweya wabwino. Mau amenewa anakoma m'makutu a eni migodi, pakuti anali ocepetsa malipo. Koma silicosis siifulumira. Ikhoza kubisala zaka 10 kapena 20, ndi kuonekera munthu ali kale kumunda kwace, kumene kulibe X-ray, kulibe buku. Akamwalira, abale anali kunena za cifuwa, ena za ufiti, ndipo m'mabuku a ku Joni munthuyo anakhalabe wolembedwa kuti anacoka ali bwino.

Kuno ku Northern Rhodesia zinthu zinayenda mosiyanako. Pofika caka ca 1950 Boma linali ndi nyumba yace yopima anthu a m'migodi ku Kitwe, ndipo lamulo linafuna kuti munthu apimidwe asanalowe nchito, ndi kupimidwanso nthawi ndi nthawi. Madotolo a m'nyumbamo, posonkhanitsa zithunzi za zifuwa caka ndi caka, anaona kuti migodi siilingana: wa Mufulira, umene mwala wace uli ndi nsangalabwi yocuruka, ndiwo unali kudwalitsa anthu koposa inzace. Cidziwitso cotere sicikanapezeka ndi dotolo mmodzi wociritsa odwala ace; cifuna nyumba yolipidwa kuti iwerenge ndi kusunga mabuku zaka zambiri. Nyumbayo ikalipo, ndipo dzina lace tsopano ndi Occupational Health and Safety Institute. Komatu kucokera ku Kitwe kufika ku Chipata ndi mamailosi oposa 550, ndipo kwa Pembamoyo nkupitirira apo. Nkhalamba yopuma mobanika siiyenda ulendo wotere cifukwa ca cithunzi.

Ngozi ya mwadzidzidzi siibisika cotero. Pa 25 September 1970 matope anagumukira mumgodi wa Mufulira napha anthu 89. Dziko lonse linalira, ndipo bungwe lofufuza linaikidwa msanga. Pfumbi lipha mmodzi mmodzi, m'midzi yotalikirana, popanda belu lolira.

Coonadi cinaturuka pamene ofufuza anasiya kudikira pacipata ca mgodi, nanka kumidzi. Ku South Africa, bungwe la woweruza Leon linanena m'caka ca 1995 kuti panalibe umboni woti pfumbi la m'migodi linacepa pa zaka 50. M'caka ca 1997 munaturuka zofufuza za amuna a ku Thamaga ku Botswana, ndi m'caka ca 1998 za amuna a ku Libode ku Eastern Cape, onsewo akale a m'migodi ya golidi. Konse kuwiri anapeza kuti oposa munthu 1 mwa 5 ali onse anali ndi zipsyera za pfumbi m'mapapu, ndipo ocuruka a iwo anali asanalandire malipo oyenera. Ciphunzitso cija ca mpweya wa kumudzi cinagwa pomwepo.

Ziwerengero zimenezi zinalowa m'bwalo la milandu. M'caka ca 2011 bwalo lalikuru la malamulo a dziko la South Africa linabvomereza kuti Thembekile Mankayi akhoza kuimba mlandu kampani imene anaigwirira nchito. Iye mwini anamwalira masiku owerengeka ciweruzo cisanamveke. M'caka ca 2018 makampani 6 a golidi anabvomera kupereka ndarama za Rand 5 biliyoni, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linaikidwa kuti lizigawe. Koma pangano lace liwerenga okhawo amene anagwira nchito kuyambira pa 12 March 1965, ndipo Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko lino m'caka ca 1966. Cotero unyinji wa amuna a ku Zambia amene anabowola golidi wa ku Joni uli kunja kwa panganolo.

Masiku ano golidi akumbidwa kumbali za Vubwi komweko, ndi manja a eni mudzi. Golidi wa m'miyala akhala m'mitsempha ya nsangalabwi, ndipo mwala wosinjidwa uli wouma upereka pfumbi lomwe lija la ku Joni, kwa wosinja ndi kwa mwana wokhala pambali pace. Kutsira madzi pobowola ndi posinja kudula pfumbilo kwambiri, monga anaonera ku Transvaal zaka zoposa 100 zapitazo. Lamulo la kupima zifuwa linalembedwera migodi ya makampani, yokhala ndi cipata ndi buku la maina. Okumba m'maenje a kumudzi alibe cipata, ndipo salembedwa m'buku la kampani iri yonse.